Mfuti ya Mlombwa ya a Kamtedza

Mfuti ya a Ludoviko Kamtedza sinaphepo ngakhale mbewa. Ndi mtengo wa mlombwa wosemedwa ndi kasemasema, wopanda bowo, wopanda chokhethemulira, ndipo pogwirira pake pamanyezimira ndi thukuta la mibadwo iwiri. Koma tsiku lina Lachinayi m'mwezi wa Malichi inaitanitsa apolisi pa sukulu ina ya sekondale ku Bowie, inalowetsa ana pansi pa madesiki, ndipo inatsala pang'ono kuchotsetsa ntchito Mwaiwathu, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anali m'chaka chake choyamba cha uphunzitsi. Masiku ano anthu a ku tchalitchi amaisimba nkhaniyi akuseka. Nthawi imeneyo panalibe woseka.

A Kamtedza ndi a ku Ntchisi. Anafika kuno kutsidya kwa nyanja ngati dalaivala wa ku embase, ndipo mabwana awo atabwerera kumudzi iwo anatsala, nakonza mapepala awo, n'kuitanitsa mkazi wawo Emily. Tsopano amayendetsa kabasi ka hotela ina ku Arlington, kotenga alendo ku bwalo la ndege. Njira yawo imadutsa pafupi ndi chinyumba cha ngodya zisanu chimene ndi likulu la asilikali a dziko lino, ndi manda a asilikali omwe miyala yake yoyera inafola mizere mpaka kuseri kwa phiri. Alendo awo ambiri ndi anthu a mabaji m'khosi, ogulitsa katundu kwa ankhondo, amene amalowa m'basi akulankhula pa foni n'kutsika akulankhulabe. A Kamtedza amawapatsa moni onse mofanana, amawatsitsira zikwama, ndipo nsapato zawo zimawala kuposa za bwana aliyense amene anakwerapo basiyo.

Ndi munthu wamtali, wowongoka, wosadziwa mawu oti mwina. Akanena kuti mvula igwa, ndiye kuti ikapanda kugwa yalakwa ndi mvulayo. Mayi Emily, omwe ndi namwino, amati galimoto imene ili m'mutu mwa amuna awo inabwera yopanda giya ya rivesi. Amanena akumwetulira, pakuti kuuma mutu komweko n'kumene kunawagulira nyumba ku Bowie ndi kuphunzitsa mwana mpaka ku yunivesite.

Dzina lawo lili ndi mbiri, ndipo ukawafunsa za ilo uyenera kukhala pansi. Bambo awo, a Zakeyu, anali mlimi wa fodya wa chikopa m'zaka zija dziko lonse linagwa chagada pa chuma. Ku Ntchisi kunalibe amene ankadziwa kuti ku maiko a azungu mafakitale atsekedwa. Chimene ankadziwa n'chakuti wogula fodya akumayang'ana chikopa chabwino n'kutchula mtengo wa zinyalala, pamene wa msonkho sanatsitseko kanthu. Zaka zingapo zitapita chotero, m'mudzi munafika olemba asilikali a Keyala, gulu lankhondo la boma la atsamunda, ali ndi lipenga, ng'oma ndi nsapato zakuda zonyezimira. A Zakeyu, mnyamata wa zikang'a kumapazi, anawatsatira. Sanakwiye ndi munthu aliyense, ndipo Mtaliyana anali asanamuonepo. Iwo ankafuna nsapato ndi bulangete.

Anawatengera ku Abisiniya. Kumeneko, nkhondo itapendekera kwawo, anawaika kulondera akaidi a Chitaliyana. Pakati pa akaidiwo panali kamunthu kowonda, kodziwa kusoka nsapato, dzina lake Ludoviko. Chinenero chogawana analibe, choncho tsiku lina mkaidiyo anafotokoza mbiri yake ndi thupi. Anagwira pamimba, natulutsa matumba a thalauza kuonetsa kuti mulibe kanthu. Anakwera pa bokosi, natukula chibwano, nayamba kukuwa akuloza uku ndi uku ngati akuonetsa amene adya chakudya cha anthu. Anatsika, naombera m'manja munthu wa pabokosi uja, navala nsapato zosaoneka, naguba, naguba, mpaka anadzigwetsa m'fumbi. A Zakeyu anaseka mpaka misozi. Kenaka anasiya kuseka, chifukwa anayang'ana nsapato zawo n'kuzindikira kuti nkhaniyo ndi yawonso.

Mkaidi uja anamusamutsira kwina, a Zakeyu anapitirira mpaka ku Burma, ndipo anabwerera amoyo pamene anzawo ambiri anatsala konko. Mfuti ya boma anabweza. Anadula mlombwa n'kusema yawo, ndipo sewero la mkaidi lija analilowetsa mu mganda wa m'mudzi mwawo. Mwana wawo womaliza, wobadwa iwo atachita kale imvi, anamutcha Ludoviko. Wansembe anakondwa poganiza kuti akulemekeza woyera mtima.

Gule wake amayenda motere. Amuna afola mizere, avala makabudula a khaki, masokosi ofika m'maondo ndi malaya ositidwa bwino. Ayamba mofooka, manja pamimba, mapazi akukwekwereza. Ndiye patulukira wa wezulo, wonyada, mfuti ili paphewa, n'kuyamba kuloza kunja kwa bwalo. Akaliza wezulo misana iwongoka, mapazi ayamba kumenya pansi pamodzi, malipenga a zikho alira, ndipo gule akoma kwambiri moti oonerera ayamba kululutira. Pamenepo wa wezulo apereka mfuti kwa wamng'ono pa onse. Iyeyo aguba patsogolo n'kugwa. Wa wezulo atola mfutiyo, aipukuta fumbi, aipatsa wotsatira. Amuna atha mmodzimmodzi, koma wa wezulo sagwa.

A Zakeyu atamwalira, mfuti ndi wezulo zinapita kwa a Ludoviko, ndipo zinawoloka nawo nyanja zili m'sutikesi. Kuno anasonkhanitsa amuna angapo a mimba zotsogola, ena a ku banki yaikulu, ena oyendetsa matakisi, n'kumayeserera Loweruka masana m'chipinda cha pansi pa tchalitchi. Ng'oma amaimba ndi a Ishmael, mnzawo wa ku Chipata wokulira ku Lusaka, amene amakonza makompyuta ku bungwe lina ku Fairfax. Ankavina pa maukwati ndi pa chikondwerero cha ufulu mu Julaye, pakati pa anthu akwathu okhaokha, omwe mfuti ya mtengo amaidziwa kuti ndi mtengo.

Mwaiwathu anabadwira kuno. Chichewa amamva chonse, ngakhale chonong'ona, koma amayankha m'Chingerezi. Ali mtsikana ankabisala m'galimoto bambo ake akavala kabudula wa gule. Atakula anaphunzira mbiri yakale, napeza ntchito pa sukulu ya ku Bowie komweko, ndipo a Kamtedza anauza aliyense wokwera basi yawo sabata imeneyo kuti mwana wawo ndi mphunzitsi.

Lamulungu lina atabwera kudzadya nkhomaliro, Mwaiwathu anadandaula. Ankaphunzitsa mmene nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inayambira, ndipo ana ankangoyasamula. Anawauza za ku Jeremani, kumene anthu anataya ntchito n'kumafola mizere yodikira msuzi. Anawauza za zipani za mayunifomu zomenya anthu m'misewu, za atsogoleri amene anapezera anthu anjala munthu womuda, za mafakitale amene anatsegulidwanso koma kuti azipanga akasinja ndi ndege, ku Jeremani, ku Italiya, ku Japani. Anawo analemba m'makope, n'kuiwala.

A Kamtedza anasamba m'manja mosafulumira.

“Zonse wanenazi ndi gule wa agogo ako,” anatero. “Njala, pakamwa, nsapato. Iwe ukuwapatsa masamba a buku pamene nkhaniyi ili ndi miyendo.”

Mtsikanayo anayang'ana bambo ake ngati akuwaona koyamba. Gule uja anali atamuona kuyambira ali wakhanda, koma sanamumvepo. Sabata yomweyo anakapempha chilolezo kwa mkulu wa sukulu, Mayi Hollis, kuti gulu la bambo ake lidzavinire makalasi ake m'holo ya masewera. Anamulola. A Kamtedza atamva anakagula polishi watsopano.

Kutatsala masiku ochepa Mwaiwathu anabweranso kunyumba, nakhala moyang'anizana ndi bambo ake, mayi ake ali pomwepo. Analankhula pang'onopang'ono, m'Chingerezi chake, kuti pasakhale chophonya.

“Adadi, chinthu chimodzi chokha. Mfuti ija isabwere. Pa sukulu saloleza chilichonse chooneka ngati chida, ngakhale cha pulasitiki. Gwiritsani ntchito ndodo ya tsache, kapena manja okha. Please.”

“Ndi mtengo umene uja, mwana wanga.”

“Ndikudziwa. Koma isabwere.”

“Ndamva,” anatero a Kamtedza.

Tsono ndamva wa a Kamtedza amangotanthauza kuti makutu agwira ntchito yake. Mumtima anali atagamula kale. Gule wa atate awo avinidwe ndi mpini wa tsache, pamaso pa ana a eni dziko, tsiku loyamba kuoneka kunja? Mwana akuopa chifukwa ndi mwana. Iwo aikulunga bwino, aitulutsa gule akafika pakati, ndipo anthu akadzaona kukoma kwake palibe amene adzafunse za malamulo. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, koma mwambi umenewu a Kamtedza ankausungira anthu ena.

Lachinayi lija anaikulunga m'chitenje cha akazi awo n'kuilowetsa m'chikwama cha ng'oma osauza ngakhale a Ishmael. Anafika pa sukulu masana, atavala kale za gule, khaki yense ndi chipewa cha usilikali. Pamalo oimika magalimoto a Ishmael anakoka ng'oma, chitenje chinakodwa pa chingwe, ndipo mfuti inagwa pa phula. A Kamtedza anaitola msanga poopa kuti yakandika. Ndiye dzanja linachita zimene lazolowera kwa zaka zambiri: linaikweza paphewa. Mayi wina amene anabwera kudzatenga mwana wake wodwala anaona mwamuna wa khaki ali ndi mfuti akuyang'ana khomo la sukulu. Anachita zimene kholo lililonse la dziko lino likanachita: anaimbira apolisi.

Belu la ngozi linalira. Zitseko zinatsekedwa, magetsi anazimitsidwa m'makalasi. Mwaiwathu anakhoma chitseko chake, nalowetsa ana pakona, monga anamuphunzitsira. Mwana wina anamuonetsa uthenga wa pa foni wochokera kwa mayi ake wonena kuti munthuyo wavala kabudula wa khaki ndi masokosi aatali. Mwaiwathu anadziwa nthawi yomweyo. Koma mphunzitsi sasiya ana n'kutuluka, choncho anakhala pansi pamenepo, akumva kulira kwa magalimoto a polisi, akudikira phokoso limene ankaopa.

Phokosolo silinamveke. Apolisi atakuwa kuti aike chidacho pansi, a Kamtedza anachiika pang'onopang'ono, nakweza manja, nagwada pa phula, maondo akulira. Wapolisi wina anaitola mfutiyo, naitembenuza, naigogoda ndi chala. Anawafunsa mafunso ambiri, anatenga mfuti, anawauza kuti achoke pa malo a sukulu. Gule sanavinidwe.

Kunyumba a Kamtedza anaisimba nkhaniyo ngati munthu wopambana mlandu. Apolisi analankhula nawo mwaulemu, anatero, ndipo mmodzi anayamikira kasemedwe. Dziko la anthu amantha limeneli, oopa mlombwa. Atamva kuti Mwaiwathu amuimitsa kaye ntchito mpaka nkhani itafufuzidwa, anati zimenezo n'zongodutsa, mwana wanzeru ngati uja sangamutaye. Lamulungu lotsatira Mwaiwathu sanabwere kudzadya. Linalo sanabwerenso. Foni ankaimbira mayi ake okha.

Mayi Emily ndi munthu wodekha, koma akaganiza zoboola chithupsa sabwerera. Tsiku lina m'mawa anawapeza amuna awo akupukuta nsapato, nakhala pa mpando osavula n'komwe yunifomu ya kuchipatala.

“Bambo a Mwai, Lachisanu akukagamula za mwana. Mukudziwa zimene wawauza?”

“Wanena zoona, kuti ndi mtengo.”

“Wawauza kuti anaiwala kukuuzani za lamulo.”

Burashi inaima.

“Lamulo lawo ndi lakuti mphunzitsi woitana alendo aziwauza zoletsedwa,” anapitiriza mayiwo. “Akawauza, mlendo n'kubisa, mlandu ndi wa mlendo. Akapanda kuwauza, mlandu ndi wake, ndipo wa chaka choyamba samunyengerera. Ine ndinalipo pamene ankakuuzani. Munati ndamva.”

“Nanga n'chifukwa chiyani akunama?”

“Mukufunsa ine? Si inu munamuphunzitsa kuti mwana savula bambo ake pagulu? Akaime pamaso pa anthu achilendo n'kunena kuti bambo anga ndinawaletsa koma samva? Munamulera bwino, mwamuna wanga. Ntchito ikumuthera posunga ulemu wanu.”

A Kamtedza anavala nsapato imodzi yowala, ina yosamaliza, n'kupita ku ntchito.

Tsiku limenelo anachita manyazi, ndipo anakwiya chifukwa chochita manyazi. Kwathu bambo sapepesa mwana. Akalakwa amagula nsalu, kapena amatuma mayi kuti akanene kuti zija zatha, ndipo mwana amamva. A Zakeyu sanapepesepo mwana mpaka kulowa m'manda, ndipo palibe amene anawaona ngati oipa. A Kamtedza anayesa kudzikhazika mtima pansi ndi maganizo amenewa ulendo wonse wa ku bwalo la ndege. Pobwerera magalimoto anadzadza mumsewu, basi inaima pafupi ndi manda a asilikali aja, ndipo iwo anayang'ana miyala yoyera imene amaidutsa tsiku lililonse. Anakumbukira mmene amatolera mfuti pa gule, mmene amaipukutira fumbi, mmene amaiperekera kwa wamng'ono. Zaka zonsezi anavina wa wezulo, ndipo anthu ankawatama kuti amamudziwa kumuvina. Tsopano panali mwana wogona m'fumbi, iwo ali chilili, akudandaula za mlombwa wawo umene uli ku polisi.

Munthu wa giya imodzi ali ndi ubwino wake: akatembenuka amapitanso ndi liwiro lomwelo. Ataweruka analunjika ku Fairfax kwa a Ishmael.

“Lachisanu mundiperekeze. Munthu sapita yekha kokavomera mlandu.”

“Mudala, kuno kulibe va nkhoswe,” anatero a Ishmael. “Bazatifunsa chabe ma ID. Manje ine nizakamba chani?”

“Mukanena zimene munaona. Kuti inali yobisika m'chitenje, inunso simunadziwe.”

“Ivo nizakamba, chifukwa munanichititsa mantha maningi. Koma nkhuku musanyamule. Nakuonani mwamene muyanganira, muganiza va nkhuku.”

Nkhuku anaisiya. Anavala suti yakuda ya pa maliro ndi maukwati, napempha pa foni kuti awalole kulowa pa sukulu kamodzi kokha, ndipo anawalola.

M'chipinda cha msonkhano munali Mayi Hollis, mzimayi wachikuda wa imvi zometedwa bwino ndi magalasi olendewera pa unyolo, bambo wina wochokera ku ofesi ya maphunziro, ndi Mwaiwathu, atakhala yekha mbali ina ya tebulo. Ataona bambo ake anaimirira.

“Dad, ayi. Pitani kunyumba.”

“Khala pansi, mayi,” anatero a Kamtedza mofatsa. Sanakhale pa mpando umene anawapatsa. Anaima, chipewa chili m'manja, nalankhula Chingerezi chawo cha pang'onopang'ono chimene amalandirira nacho alendo.

“Dzina langa ndine Ludoviko Kamtedza. Mphunzitsi uyu anabwera kunyumba kwanga, nandiuza pamaso pa mayi ake kuti mfuti isabwere. Ananena kawiri. Ine ndinamva, ndinavomera, ndipo ndinaibisa m'nsalu. Mnzangayu ndi mboni kuti inali yobisika.”

A Ishmael anavomereza, nafotokoza za chitenje ndi chingwe cha ng'oma.

Mayi Hollis anavala magalasi awo.

“Bambo Kamtedza, mwana wanu anandiuza kuti anaiwala kukuuzani. Ndiye mmodzi wa inu wandinamiza.”

“Wanama ndi iyeyu, mayi, ndipo wamuphunzitsa ndine. Kwathu mwana saulula kupusa kwa bambo ake kwa alendo. Ndinamuphunzitsa zimenezo ali wamng'ono, ndipo ndi mwambo wabwino. Koma unapangidwira bambo amene amadziwa kudziulula yekha.”

Mayiwo anawayang'ana nthawi yaitali, ndipo nkhope yawo sinafewe.

“Ndikuuzeni zimene zinachitika mkati muno pamene inu munali panja ndi mtengo wanu. Ana a zaka khumi ndi zinayi analembera amayi awo mauthenga otsanzika. Mtsikana wina mpaka lero sakubwera ku sukulu. Anawa amayeserera kubisala kuyambira ali ku sukulu ya mkaka. Si amantha, bambo. Amadziwa dziko limene akukhala.”

Zimenezi a Kamtedza anali asanazimve. Anayang'ana pansi. Anali atanena kunyumba kwawo kuti ili ndi dziko la anthu amantha, ndipo mawuwo anawabwerera owawa.

“Ndilibe choyankha,” anatero pomaliza. “Makolo awo akafuna kundiona, ndidzaima pamaso pawo monga ndaimira pano.”

“Chinali chiyani chofunika chotero pa mtengo umenewu?” anafunsa bambo wa ku ofesi uja.

A Kamtedza anafotokoza mwachidule za atate awo ndi mkaidi wosoka nsapato. Pofotokoza thupi linayamba lokha: dzanja pamimba, chibwano m'mwamba, chala choloza, phazi kumenya pansi kamodzi pa kapeti. Anaonetsa mmene wa wezulo amaperekera mfuti kwa wamng'ono, ndi mmene amaitolera wamng'onoyo akagwa.

“Atate anga ankati munthu wanjala amatsatira aliyense womulonjeza nsapato, ndipo wolonjezayo sagwa, amagwa ndi ana. Ine ndimavina wolonjezayo. Ndinkayesa ndi gule chabe.”

Atatero anatembenukira kwa mwana wawo. Anaika chipewa pa tebulo, nagwira m'mphepete mwake, natsika ndi bondo limodzi, kenaka linalo. A Ishmael anayang'ana kudenga, chifukwa chinthu chotere mwamuna mnzako sumuonerera. A Kamtedza anaomba m'manja mofatsa monga amachitira munthu pamaso pa akulu, ndipo analankhula m'Chichewa.

“Aphunzitsi, pepani. Munandiuza, sindinamvere. Mlandu ndi wanga, musausenze.”

Mwaiwathu anagwira pakamwa. Misozi imene anaisunga kuyambira tsiku lija m'kalasi inatuluka yonse, ndipo sanaipukute.

Mayi Hollis Chichewa sadziwa, koma sanafunse womasulira. Ananong'onezana pang'ono ndi bambo uja, navula magalasi.

“Bambo anga anali dikoni ku Carolina,” anatero. “Akanasankha kufa kusiyana ndi kuchita zimenezo. Inu aphunzitsi, mulandira chenjezo chifukwa chondiuza zosaona, ndipo musadzabwerezenso, ngakhale chifukwa cha bambo anu. Lolemba ndikufuna ndikupezeni m'kalasi. Inu bambo, simupondanso pa sukulu pano chaka chino, ndipo mtengo wanuwo usadzafike n'komwe.”

“Mwaweruza bwino, mayi,” anatero a Kamtedza, ali chigwadire.

Anthu anayamba kusonkhanitsa mapepala. A Kamtedza anagwira tebulo kuti adzuke, koma maondo amene anaguba mganda kuyambira ku Ntchisi anakana. Anayesanso, nkhope ili gwa ngati palibe chikuchitika. Mwaiwathu anazungulira tebulo mothamanga, nalowetsa phewa lake m'khwapa mwawo, ndipo mawu anamutuluka m'Chichewa chake chopindika cha ku Bowie, chimene bambo ake anali asanachimve kuyambira mtsikanayo ali ku pulayimale.

“Dzukani, adadi. Maondo anu. Gwirani ine.”

Anadzuka atatsamira mwana wawo, a Ishmael akukankha kumbuyo. Anatuluka chotero mpaka panja, kudutsa pa phula pomwe anagwada tsiku lija, mtsikanayo osawasiya mkono.

“Ndinkadikira kumva kulira kwa mfuti,” anatero Mwaiwathu atafika pa galimoto, atabwerera ku Chingerezi. “Ntchito sindinkaiganiza n'komwe. Ndinkangoti awombera adadi, ine ndili kuseri kwa chitseko.”

A Kamtedza anamugwira dzanja mwamphamvu. Patapita kanthawi mtsikanayo anapukuta m'maso ndi mkono wa bulauzi, napuma, nayang'ana nyumba ya sukuluyo.

“Lolemba ana aja adzandifunsa kuti munthu wa khaki uja anali ndani. Ndidzawauza. Ndipo phunziro lija sitinamalize. Inu simungalowe, ndiye ndidzavina ndine. Mundiphunzitse.”

“Mganda ndi wa amuna,” anatero a Kamtedza, pakamwa patatsogola monga mwa masiku onse.

Mwaiwathu anangowayang'ana. A Ishmael anatsokomola.

A Kamtedza anatsegula chitseko cha galimoto, napisa m'kabokosi ka kutsogolo, natulutsa wezulo wa a Zakeyu wa mkuwa wothimbirira, namuika m'dzanja la mwana wawo.

“Uyu umuliza pambuyo, anthu akatopa ndi njala,” anatero. “Tiyambe ndi njalayo. Tikafika kunyumba uvule nsapato zimenezo. Manja pamimba, msana upinde, ndipo umayamba ndi mwendo wamanzere.”